Foni ndi yanu koma ikugwira ntchito ya bizinesi: mmene mungaiwerengere pa msonkho

Foni imene mumafunsira mtengo wa mpunga ku Jali m'mamawa ndi yomweyo imene mumaimbira agogo kumudzi madzulo, ndi yomweyonso imene ana amaonerapo makanema Loweruka. Mayunitsi ndi bandulo zimatuluka m'thumba limodzi. Ndiye chaka chikatha, polemba zolowa ndi zotuluka kuti zipite ku MRA, anthu a mabizinesi kuno ku Zomba amagawikana pawiri. Ena foniyo saiwerengera n'komwe, n'kumalipira msonkho pa ndalama imene inapita kale ku mayunitsi oimbira makasitomala. Ena amalemba zonse ngati za bizinesi, ndipo tsiku lowaunika mabuku likafika amasowa choyankha. Zonse ziwiri zimandidandaulitsa, chifukwa njira yoyenera siifuna sukulu yambiri. Imafuna kope, cholembera, ndi kuzolowera kulemba zinthu zikangochitika.

Choyamba: dziwani msonkho umene mumalipira

Musanayambe kusunga lisiti lililonse, yang'anani mmene munalembetsera ku Malawi Revenue Authority pamene munkatenga TPIN yanu, nambala imene amakudziwirani ngati wolipira msonkho. Si aliyense amene kuwerengera foni kungamuchepetsere msonkho.

Ngati bizinesi yanu ndi yaing'ono ndipo muli pa presumptive tax, mumalipira ndalama yoikika malinga ndi kuchuluka kwa zomwe mwagulitsa pa chaka, osati malinga ndi phindu. Msonkho umenewu pamene unkayamba mu 2021 unali wa mabizinesi osapitirira K12.5 miliyoni pa chaka. Pamenepa palibe chochotsera. Kaya mwagula mayunitsi a K5,000 kaya a K500,000, zolipira zanu sizisintha. Kulemba ndalama za foni kukuthandizani kudziwa ngati geni ikuyenda, ndipo ndikulimbikitsabe kuti muzilemba, koma musayembekezere kuti msonkho utsika.

Ngati munalembedwa ntchito, msonkho wanu wa PAYE umadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi musanaione ndalamayo. Nkhani yanu ili ndi abwana anu, ndipo ndiifotokoza kumunsiku.

Amene malangizowa akuwakhudza kwambiri ndi amene amalipira msonkho pa phindu: mwini shopu ya hadiweya ku Chinamwali, mayi amene amaperekera nyemba ndi mpunga ku sukulu zogonera konko, kontilakitala wa zomangamanga ku Matawale, mwini malo ogona alendo okwera phiri la Zomba, wosindikiza ndi kumanga mabuku a ophunzira ku Chikanda. Kwa inu kwacha iliyonse imene mwawononga moyenera pa bizinesi imachotsedwa pa zomwe mwapeza, ndipo msonkho umagwera pa zotsalazo.

Chachiwiri: mvetsani zimene lamulo likufuna

Lamulo lake ndi Taxation Act. Gawo 28 la lamuloli limalola kuchotsera ndalama zimene mwagwiritsa ntchito pa malonda anu kapena popezera ndalama zimene zikukhomeredwa msonkhozo, koma pali zinthu zitatu zofunika: ndalamayo ikhale kuti yonse inapita ku bizinesi, inapita ku bizinesi yokha, ndipo inali yofunikadi. Lamulo lomweli limakaniza kuchotsera ndalama za pakhomo ndi zodzisamalira inu ndi banja lanu. Limasiyanitsanso ndalama yoyendetsera bizinesi tsiku ndi tsiku ndi ndalama yogulira katundu wokhalitsa.

Mukaziika pa foni, zikutanthauza izi. Mphindi zisanu zimene mwalankhula ndi dalaivala amene akukubweretserani simenti kuchokera ku Blantyre ndi za bizinesi zokhazokha, palibe angatsutse. Mphindi makumi awiri zimene mwacheza ndi alamu anu za chinkhoswe si za bizinesi, ngakhale munali mutakhala m'shopu pamene mumalankhula. Ndipo udindo wosonyeza kuti iyi ndi iyi, iyo ndi iyo, uli pa inu amene mukufuna kuchotsera. Wa msonkho sakakamizidwa kukhulupirira mawu apakamwa. Mukalephera kusonyeza gawo la bizinesi, akhoza kukana ndalama yonseyo.

Chachitatu: ngati n'kotheka, tengani laini yachiwiri

Pa malangizo onse amene ndilembe pano, awa ndiwo ndingawaike patsogolo. Mafoni ambiri masiku ano amalowa ma SIM khadi awiri, ngakhale kafoni ka mabatani. Pitani kwa ejenti wa TNM kapena Airtel ndi chitupa chanu cha unzika, lembetsani laini yatsopano, ndipo laini imeneyo ikhale ya bizinesi basi. Nambala yake ndi imene muilembe pa chikwangwani cha shopu, pa mainvoisi ndi pa makhadi amene mumapatsa anthu. Mpamba kapena Airtel Money ya pa laini imeneyo izilandira ndi kutumiza ndalama za malonda zokha.

Mukatero, mayunitsi ndi mabandulo onse a laini imeneyo mumawalemba athunthu, popanda kuwerengetsa magawo. Koma pakufunika kudzigwira. Mwana akabwera n'kunena kuti, "Amayi, bandulo yanga yatha, ndilumikizeniko pang'ono," mulumikizeni pa laini ya pakhomo. Muonenso m'foni kuti intaneti ikudya SIM khadi iti, chifukwa mafoni a malaini awiri amagwiritsa imodzi pa intaneti, ndipo anthu ambiri amaiwala kusintha akafika kunyumba.

Ndikudziwa chimene chimavuta. Makasitomala anazolowera nambala yakale, ndipo munthu amene wakhala akugulitsa matemba a ku Kachulu zaka khumi sangasinthe nambala lero n'kuyembekezera kuti oda zipitirira. Ngati ndi choncho, tembenuzani: nambala yakale ikhale ya bizinesi, yatsopanoyo mupatse abale. Abale sangakutayeni chifukwa cha nambala.

Chachinayi: ngati laini ndi imodzi, pezani gawo la bizinesi

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndichedwapo. Muchite ngati mmene timapetera mpunga m'lichero, mankhusu apite kwawo, mpunga utsale.

Sankhani mwezi umodzi wamba, osati wa Disembala pamene malonda amakwera ndiponso mafoni a pachibale amachuluka, osatinso mwezi umene munadwala shopu n'kukhala yotseka. Mwezi umenewo, madzulo aliwonse mukatseka, tsegulani mndandanda wa mafoni amene mwaimba. Foni imasonyeza dzina kapena nambala, nthawi, ndi utali wa kulankhulako. M'kope mwanu jambulani mizere inayi: tsiku, amene munamuimbira, mphindi, ndi chifukwa chake. Chifukwacho chikhale chachidule koma chomveka, monga "kufunsa mtengo wa nyemba ku Thondwe", "kukumbutsa ngongole", "wa kabaza wonyamula matumba". Mafoni a pachibale ingolembani mphindi zake, osafotokoza zimene munakambirana, chifukwa zimenezo ndi zanu. Mafoni amene mwalandira musawawerenge, sanakudyereni mayunitsi.

Zithandiza kwambiri mutasintha mmene mumasungira maina m'foni. Kutsogolo kwa dzina la aliyense wa malonda ikani chilembo chimodzi, tinene B. Mndandanda mukautsegula muziona msanga amene ali a bizinesi popanda kukumbukira nkhope iliyonse.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Mpondabwino amene amapikula mpunga ndi nyemba n'kumaperekera ku sukulu ndi ku malo odyera. Mwezi umene anasankha, anaimba mphindi 200 zonse pamodzi, ndipo 130 zinali za malonda. Mukagawa 130 ndi 200 mupeza 65 peresenti. Ngati mwezi umenewo anagula mayunitsi oimbira a K18,000, gawo la bizinesi ndi K11,700.

Bandulo ya intaneti ndi imene imavuta, chifukwa WhatsApp yomweyo imanyamula oda ya sukulu ndi mauthenga a gulu la kumpingo. Lowani pa Settings, pezani pamene foni imasonyeza mmene intaneti yadyedwera, ndipo muona mapulogalamu onse ndi kuchuluka kwa zimene aliyense wadya mwezi umenewo. Jambulani sikirini imeneyo, sungani chithunzicho. Kenako khalani pansi muziona moona mtima. Ngati TikTok ndi YouTube zadya theka la bandulo ndipo inu simutsatsa malonda kumeneko, theka limenelo lichotseni lonse. Imelo imene mumatumizira makotesheni, pulogalamu ya banki ya akaunti ya bizinesi, ndi tsamba la MRA la Msonkho Online, zimenezo ndi za bizinesi. Pa WhatsApp ndi Facebook werengani macheza a sabata imodzi, muone angati ndi a malonda, mulembe mmene mwaganizira. Amene ali ndi malaini awiri akhoza kuika WhatsApp Business pa nambala ya malonda, ndipo foni idzasonyeza yokha zimene pulogalamu imeneyo yadya, mosiyana ndi WhatsApp ya pachibale.

Tinene kuti mayi athu aja atawerengetsa anapeza kuti 40 peresenti ya intaneti ndi ya malonda, ndipo pamwezi amagula mabandulo a K22,000. Gawo la bizinesi ndi K8,800. Kuphatikiza ndi K11,700 ija, pamwezi akuchotsera K20,500, pachaka K246,000. Ngati phindu lawo lafika pamlingo wa msonkho wa 30 peresenti, ndiye kuti K73,800 yatsala m'thumba mwawo. Si ndalama yogulira galimoto, koma pa geni ya mpunga ndi ndalama yooneka, ndipo ndi yawo mwachilungamo.

Peresenti imene mwapezayo mutha kuigwiritsa ntchito pa miyezi ina ya chaka chimenecho, bola ngati kayendetsedwe ka bizinesi sikanasinthe. Ine ndimalangiza kuti muyese kawiri pachaka, kamodzi nyengo yokolola pamene malonda ali pamwamba, kenanso nyengo ya mvula pamene zinthu zimazizira, n'kutenga za pakati. Lembani tsamba limodzi lofotokoza mmene munawerengera, ikani tsiku, sainani. Musakweze nambala kuti ioneke yozungulira bwino. Munthu wolemba 65 peresenti ali ndi kope lake m'manja amamveka kuposa wolemba 90 peresenti yochokera m'mutu. Ndipo amene ali ndi foni imodzi yokha n'kulemba 100 peresenti akungoitana funso limene sangaliyankhe: nanga akunyumba mumawaimbira pa chiyani?

Chachisanu: sungani umboni wa ndalama zimene mwalipira

Peresenti payokha sikwanira, pafunikanso kusonyeza kuti K18,000 ija inatulukadi. Apa ndi pamene kagulidwe ka mayunitsi kamafunika kusintha. Khadi lokala la K500 logula pa msika mukalikala limathera m'ngalande, ndipo ngakhale mutalisunga silisonyeza kuti analowetsa ndi ndani, pa nambala iti. Gulani mayunitsi ndi mabandulo kudzera pa Mpamba, pa Airtel Money kapena pa banki. Mukaimba *444# pa TNM kapena *211# pa Airtel n'kugula, mumalandira uthenga wosonyeza ndalama, tsiku ndi nambala ya zimene mwachitazo. Uthenga umenewo ndi lisiti lanu.

Vuto la mauthenga ndi loti amafufutika. Foni ikadzaza timafufuta mosaganiza, ikagwa m'madzi kapena ikabedwa pa depoti zonse zapita. Choncho kumapeto kwa sabata iliyonse koperani m'kope tsiku, ndalama ndi nambala ya uthenga uliwonse. Ngati muli ndi foni yojambula sikirini, jambulani n'kudzitumizira pa imelo. Miyezi itatu iliyonse pitani ku shopu ya kampani ya foni yanu ndi chitupa, mukapemphe sitetimenti ya akaunti yanu ya ndalama za pafoni, muisindikize, muiike mu fayilo.

Malisiti a pepala lopyapyala lotuluka m'makina, monga a EFD, amazimirira. Mukalisiya m'dilowa ya shopu yofolera malata, kutentha kwa Okutobala kukadutsa mudzapeza pepala loyera ngati silinalembedwepo. Lijambuleni tsiku lomwelo kapena pangani fotokope, n'kumata lenilenilo kumbuyo kwake. Lamulo limafuna kuti mabuku ndi malisiti a bizinesi asungidwe kwa zaka zingapo, ndipo ine ndimati musataye kalikonse zisanathe zaka 7.

Mukaona kuti mayunitsi amatha msanga, dziwani kuti mkati mwa mtengo wake muli kale misonkho iwiri: wa excise, umene ndi 10 peresenti, ndi VAT. Kwa inu amene simunalembetse VAT zimenezi zisakusokonezeni, lembani ndalama yonse imene mwalipira ndi misonkho yake yomwe. Mukabwereka mayunitsi pa Kutapa kapena pa Pasavute kuti mumalize kukambirana ndi kasitomala, kandalama kapamwamba kamene amadula pobweza nakonso ndi mbali ya mtengo wa mayunitsiwo.

Chachisanu ndi chimodzi: musaiwale ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa

Anthu ambiri amakumbukira mayunitsi n'kuiwala izi, chonsecho kwa wopikula mbewu nthawi zina izi ndi zimene zimachuluka. Mukatumiza ndalama kwa mlimi wa mpunga ku Domasi, pali ndalama imene kampani imadula. Mukatapa kwa ejenti kuti mulipire onyamula matumba, amadulanso. Ndipo tonse timadziwa mawu aja a ogulitsa: "Mayi, muikeko ndi yotapira." Yotapira imeneyo ndi mbali ya mtengo wa katundu amene mwagula, ilembeni.

Pa izi simugwiritsa ntchito peresenti. Tengani sitetimenti ija ndi cholembera chofiira, muzichonga mzere ndi mzere. Zimene zadulidwa pa malonda zimalowa zonse. Zimene zadulidwa potumiza fizi ya mwana, ndalama ya chimanga kumudzi, chopereka cha kutchalitchi, kapena kubetcha mpira, sizilowa ngakhale tambala. Ngati mayi aja amadulidwa K9,000 pamwezi pa malonda okha, pachaka ndi K108,000 ina yowonjezera pa K246,000 ija.

Koma pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kunena poyera. Sitetimenti imene ikusonyeza zotuluka ndi yomweyo imene ikusonyeza zolowa. Ngati mukufuna kuchotsera ndalama zodulidwa pa Mpamba, ndalama zonse zimene makasitomala anakulipirani pa Mpamba yomweyo zikhale kuti zili m'buku la zogulitsa. Ndipo ngati pa laini yomweyo pamalowa ndalama zimene si za malonda, monga zimene achimwene anu akutumiza kuchokera ku Johannesburg zothandizira kumanga nyumba ya makolo, lembani pambali pake tsiku lomwelo kuti ndi za chiyani. Patapita zaka zitatu simudzakumbukira, ndipo wounika mabuku akhoza kuziwerenga ngati malonda amene simunaulule. Ichi ndi chifukwa chinanso chimene ndikukakamirira laini yachiwiri.

Chachisanu ndi chiwiri: mtengo wa foniyo

Mayunitsi amatha sabata yomweyo, koma foni imakhala zaka. N'chifukwa chake mtengo wake suchotsedwa wonse chaka chimodzi ngati mmene timachitira ndi mayunitsi. Umalowa m'gulu la katundu wokhalitsa, ndipo lamulo limalola kuchotsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka kudzera mu capital allowance. Chaka chilichonse mumachotsa gawo la mtengo umene watsala, osati wa poyamba.

Tiyerekeze kuti foni munaigula K400,000 ndipo mwaona kuti, kuphatikiza kuimba ndi intaneti, 60 peresenti ya ntchito yake ndi ya bizinesi. Gawo la bizinesi ndi K240,000. Pongofuna kuonetsa kawerengedwe, titenge mlingo wa 20 peresenti. Chaka choyamba muchotsa K48,000, kutsala K192,000. Chaka chachiwiri muchotsa 20 peresenti ya K192,000, imene ndi K38,400, ndipo muzipitirira choncho. Mlingo weniweni umasiyana malinga ndi mtundu wa katundu, choncho musanalembe pa fomu funsani ku ofesi ya MRA kapena kwa akauntanti kuti foni yanu aiika m'gulu liti, mulembe yankho lawo ndi tsiku lake m'kope.

Pogula foni pemphani lisiti lokhala ndi dzina lanu kapena la bizinesi, mtundu wa foniyo ndi nambala yake ya IMEI. Nambalayi imatuluka mukaimba *#06#. Mukagula foni yogwiritsidwapo kale kwa munthu, lemberanani kalata yogulitsirana, nonse musaine, pakhale ndi mboni. Kalata imeneyi ikutetezani pa msonkho komanso ikadzapezeka kuti foniyo inali yakuba. Mukatenga foni ya ngongole yolipira pang'onopang'ono, sungani pangano lake, chifukwa ndi limene limasiyanitsa mtengo wa foni ndi ndalama yapamwamba ya ngongoleyo.

Nanga foni imene munali nayo kale bizinesi isanayambe? Musalembe mtengo umene munagulira zaka zitatu zapitazo. Funsani kwa ogulitsa mafoni awiri kapena atatu mumzinda muno kuti lero ingagulidwe zingati, lembani mtengo umenewo ndi tsiku limene yayamba kugwira ntchito ya bizinesi.

Kukonzetsa sikirini yosweka, kusintha batire, kugula chaja, ngakhale kulipira kotchajitsa magetsi akazima, ndi ndalama za tsiku ndi tsiku. Zichotseni chaka chomwecho pa peresenti yomwe ija. Anyamata okonza mafoni kumsika kawirikawiri sapereka lisiti mpaka mutapempha, choncho pemphani: "Achimwene, mundilembereko kalisiti, muikepo dzina la shopu ndi nambala yanu." Foni ikabedwa kanenani ku polisi, mutenge lipoti, muliike mu fayilo. Mukaigulitsa lembani ndalama imene mwalandira, chifukwa imayerekezedwa ndi mtengo umene unatsala m'mabuku, ndipo kusiyana kwake kumalowa m'kawerengedwe ka msonkho wa chaka chimenecho.

Chachisanu ndi chitatu: ngati pali kampani kapena antchito

Amene munalembetsa kampani ya Limited, kumbukirani kuti pamaso pa lamulo kampaniyo ndi munthu wina, inu ndinu wina, ngakhale mutakhala kuti ndinu mwini wake nokha. Foni imene munagula ndi ndalama zanu si katundu wa kampani. Njira zilipo ziwiri. Kampani ilembetse laini yake m'dzina lake n'kumalipira yokha, kapena inu mwezi uliwonse muzilemba pepala lopempha kuti ikubwezereni gawo la ntchito, mutamatapo umboni uja. Osangotapa m'kabati ya shopu K10,000 ya mayunitsi popanda cholemba.

Kwa antchito, nkhani imadalira mmene ndalamayo ikuperekedwera. Abwana akaika ndalama ya foni pamwamba pa malipiro, kuti mwezi uliwonse wantchito azilandira m'manja, ndalama imeneyo imawerengedwa ngati malipiro ndipo imadulidwa PAYE. Abwana akamalipira okha mayunitsi kapena bilu ya foni ya wantchito, pamabwera fringe benefit tax, msonkho wa pa zinthu zimene wantchito amapindula nazo kupatula malipiro, umene amalipira ndi abwanawo, osati wantchito. Pa mayunitsi, theka la ndalamayo ndi limene limatengedwa ngati phindu la wantchito, ndipo msonkho wake ndi 30 peresenti ya theka limenelo, wolipira miyezi itatu iliyonse. Mwini malo ogona alendo amene amagulira manijala wake mayunitsi a K30,000 pamwezi, awerenge K15,000 ngati phindu, msonkho wake K4,500 pamwezi.

Inu wantchito amene mukugwiritsa foni yanu pa ntchito ya abwana popanda kulandira kanthu, sungani kope ngati lija kwa mwezi umodzi, mupite nalo kwa iwo mwaulemu: "Bwana, mwezi uno ndaimbira makasitomala a kampani mphindi izi, ndimapempha mundiganizireko." Pempho lokhala ndi manambala limavuta kulikana.

Za VAT ndinena mwachidule. Amene analembetsa VAT ndi okhawo angabwezeredwe VAT ya pa mayunitsi, pa gawo la bizinesi lokha, ndipo pafunika invoisi yovomerezeka ya msonkho, osati uthenga wa pafoni. Laini yolipira pakutha pa mwezi yolembetsedwa m'dzina la bizinesi ndi imene imapereka invoisi yotere mosavuta. VAT imene mwabwezeredwa musaichotserenso pa phindu, kumeneko n'kudya kawiri.

Chachisanu ndi chinayi: kulemba pa fomu ya pachaka

Chaka cha mabuku anu chikatha, muli ndi masiku 180 oti mupereke fomu yolengeza zimene mwapeza, ndipo masiku ano zimenezi zimachitika pa Msonkho Online. M'kati mwa chaka mumalipiranso provisional tax, msonkho wolipiriratu pa phindu loyerekeza, miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 chigawo chimenecho chitatha. Poyerekeza phindu la chigawo chilichonse, ndalama za foni ziwerengereni pomwepo, musadikire kumapeto.

M'mabuku anu ikani mizere itatu yosiyana: mayunitsi ndi intaneti, ndalama zodulidwa pa Mpamba ndi Airtel Money, ndi kukonzetsa foni. Capital allowance imakhala payokha pa ndandanda wa katundu wokhalitsa. Ngati m'buku munalemba ndalama yonse ya mayunitsi, gawo la pakhomo libwezereni pa phindu musanawerenge msonkho, ndipo muonetse poyera kuti mwatero.

Inu amene mumaperekera katundu ku masukulu, zipatala ndi maofesi, mukudziwa kuti polipira amakudulani withholding tax ya 3 peresenti n'kukupatsani satifiketi. Ndalama imeneyo sinatayike, imachotsedwa pa msonkho wanu wa pachaka. Koma imawerengedwa pokhapokha mwapereka fomu, ndipo phindu likakhala lolembedwa molondola, ndi ndalama zonse za foni zitachotsedwa, m'pamene mumaona ngati mukuyenera kuwonjezera kapena ngati munalipira kale mopitirira. Masatifiketi amenewo akhale mu fayilo imodzi ndi masitetimenti.

A MRA akakuitanani kuti aone mabuku, nyamulani fayiloyo, kope la mafoni, tsamba lija lofotokoza kawerengedwe ka peresenti, ndi lisiti logulira foni. Yankhani zimene mwafunsidwa, muloze tsamba lake. Akachepetsa gawo limene munachotsera, pemphani kuti akulembereni chifukwa chake. Ngati simukugwirizana nazo, muli ndi masiku 30 kuchokera pa tsiku la kalata yokudziwitsani msonkho woti mulipire kuti mulembe dandaulo lanu kwa Commissioner General, mkulu wa MRA. M'kalatamo tchulani TPIN yanu, chaka chimene mukudandaula, ndalama imene yakanidwa ndi chifukwa chimene mukuonera kuti ndi ya bizinesi, mumateko mafotokope a umboni wanu. Mapepala enieniwo akhale kwa inu, ndipo pa fotokope yanu ya kalatayo akudindireni chidindo chosonyeza tsiku limene ailandira.